Uchi wa Kumpoto ndi Phula Lake

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mwambiwu ndi wa mawu atatu okha, koma m'kati mwake mwagona nkhani yathunthu. Munthu wafika pamudzi tsiku lomwe eni ake afula njuchi, ndipo amuikira chisa m'mbale. Iye chibadwire chisa sanachigwirepo, koma manyazi amutseka pakamwa, safuna kuti anthu adziwe kuti za uchi ndi mbuli. Ndiye angoluma, n'kutafuna, n'kumeza zonse pamodzi. Uchi unalimo ndithu, koma chimene akasimbe kwawo ndi phula lomwe linamumata m'mano ndi kumutupitsa m'mimba. Akadangotsegula pakamwa, ngakhale kamwana ka pakhomopo kakadamuuza kuti uchi timayamwa, phula n'kulavula. Chinamupweteka munthuyu n'chakuti anakana kukhala mlendo pamalo pamene analidi mlendo.

Mwambi umenewu umandibwerera m'mutu nthawi zonse wina akandiuza kuti akukonza ulendo wokaona dziko la Norway. Amandionetsa zithunzi pafoni: mapiri oima njo m'madzi abata, tinyumba tofiira ta asodzi, thambo loyaka moto wobiriwira usiku. Ndimavomera kuti uchiwo ulipo, zithunzizo sizinama. Koma chithunzi chimaonetsa uchi wokha. Sichionetsa mvula imene wojambulayo anaidikira masiku anayi kuti ikate, kapena zala zake zouma gwa ndi chisanu, kapena ndalama zimene analipira pa mbale imodzi ya chakudya madzulo ake. Dziko lililonse ndi chisa. Uchi ndi phula zimakhala pamodzi, ndipo wodziwa kuzilekanitsa ndi mwini mng'oma.

Norway wagona m'mbali mwa nyanja yamchere kumpoto kwenikweni kwa Ulaya. Ndi dziko lalitali ndi lopyapyala ngati lathu lino, koma kutalika kwake n'kowirikiza kawiri, ndipo anthu ake ndi ochepa, pafupifupi 5.5 miliyoni. Kalekale madzi oundana okhuthala ngati mapiri anakuta dziko lonselo, ndipo pokwawa pang'onopang'ono kulowera kunyanja anakumba zigwa zakuya. Atasungunuka, nyanja inalowa m'zigwazo. Mikono ya nyanja imeneyi ndi imene eni ake amaitcha fjord. Wautali pa yonse, Sognefjord, umalowa kumtunda makilomita oposa 200, ndipo pena kuya kwake kumapitirira mamita 1,300, pafupifupi kuwirikiza kawiri pamene nyanja ya Malawi inazama kwambiri. Ngakhale dzikoli lili kumpoto chotero, madoko ake sauma m'nyengo yachisanu, chifukwa m'nyanja ya Atlantic muli mtsinje wa madzi ofunda umene umachokera kufupi ndi Gulf of Mexico n'kudzadutsa m'gombe limeneli. Madzi ofundawo ndi amenenso amabala mitambo, mitambo n'kugunda mapiri, n'kukhuthula mvula. Chimene chimakometsa gombeli ndi chomwecho chimene chimalinyowetsa.

Funso loyamba limene mlendo ayenera kufunsa ndi lakuti, kodi ndipite liti? Ife tinazolowera dzuwa lokhulupirika, lotuluka m'mamawa n'kulowa madzulo chaka chonse, kusiyana kwake pang'ono chabe. Kumeneko dzuwa lili ndi makhalidwe ena. Mumzinda wa Tromsø, kuyambira chakumapeto kwa Meyi mpaka chakumapeto kwa Julayi silowa n'komwe. Pakati pa usiku limangotsikira kufupi ndi mapiri n'kuyambanso kukwera. Kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale silituluka, masana kumangoti mbuu kwa maola ochepa ngati m'bandakucha wokana kucha. Apa ndi pomwe ambiri amadyera phula. Wina amafika mu Juni akufuna kuona kuwala kovina kwa m'thambo, osadziwa kuti kuwala kumeneko kumafuna mdima, ndipo mdima wokwanira umapezeka kuyambira Sepitembala mpaka Malichi. Wina amafika mu Epulo atanyamula nsapato zokwerera mapiri, n'kupeza njira zakwiririka ndi chipale chofewa, misewu ina ya pamwamba idakali yotseka. Mapanga awiri avumbwitsa. Wofuna mapiri ndi masiku aatali apite pakati pa Juni ndi Ogasiti, ndipo atenge kansalu kophimba m'maso, apo ayi tulo tidzamuthawa. Wofuna kuwala kwa m'thambo apite m'nyengo yamdima, ndipo amange kanthu konyezimira pajekete monga amachitira eni dziko, kuti oyendetsa galimoto azimuona akamadutsa msewu.

Funso lachiwiri ndi la zovala, ndipo phula la funso limeneli ndinalidya ine mwini. Ndinafika ku Bergen nditavala jinzi, malaya a thonje ndi chijekete chachikulu chomwe ndinkachiona ngati chishango. Mumtima ndinkati munthu amene anaona chiperoni cha ku Thyolo palibe mvula ingamuopseze. Bergen ndi mzinda wozingidwa ndi mapiri, kumene mvula imagwa masiku oposa 200 pa chaka, ndipo mvula yake sichokera kumwamba kokha. Mphepo ya kunyanja imaikankha cham'mbali mpaka ambulera kutembenuzika. Pamene ndinkafika pa Bryggen, mzere wa nyumba zamatabwa za padoko momwe amalonda akale a ku Germany ankagulira nsomba zouma, jinzi inali itamata miyendo ngati chikopa chachiwisi, mano akugundana. Mayi wina wachikulire pamalo odikirira basi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunditchulira mwambi wa kwawo, womwe tanthauzo lake n'lakuti nyengo yoipa kulibe, zilipo ndi zovala zoipa.

M'pamene ndinafunsa, mochedwa, ndipo yankho lake linali lapafupi moti ndinachita manyazi. Pakhungu penipeni pamafunika chovala chopyapyala cha ubweya wa nkhosa, chifukwa ubweya umafunditsa ngakhale utanyowa, pomwe thonje limamwa thukuta n'kulisunga pathupi ngati nsalu yonyowa imene timaika pamphumi pa wodwala malungo. Pamwamba pake juzi. Kunja kwenikweni jekete ndi thalauza zosalowa madzi ndi mphepo. Kenako chipewa, magolovesi, masokosi a ubweya ndi nsapato zogwira pansi. Zovala zitatu zopyapyala zimaposa chimodzi chokhuthala, pakuti ukatenthedwa pokwera mtunda umavula chimodzi, ukaima n'kuvalanso thukuta lisanazizire. Ndipo zimenezi si za mu Januwale mokha ayi. Ngakhale mu Julayi, pasitima ya pamadzi kapena pamwamba pa phiri, mphepo imalowa mpaka m'mafupa.

Amene angaganize kuti kufunsa ndi khalidwe la anthu opepera akaone kachombo kotchedwa Gjøa komwe kamasungidwa ku Bygdøy mumzinda wa Oslo. Mwini ulendo wake anali Roald Amundsen, mwana wa dziko lomweli, amene ali mnyamata anayesa kudutsa chipululu cha m'mapiri cha Hardangervidda m'nyengo yachisanu n'kutsala pang'ono kufera komweko. Pakati pa 1903 ndi 1906 anayenda ndi anzake 6 pa kachombo kameneka kudutsa m'nyanja za kumpoto kwa Canada, ndipo anakhala nyengo ziwiri zachisanu pakati pa anthu a mtundu wa Netsilik. Mzungu wa masiku amenewo, wokhala ndi mabuku ndi makampasi ake, anakhala pansi n'kuphunzira kwa alenje a kumeneko: kavalidwe ka zikopa zotakasuka zosasunga thukuta, kamangidwe ka nyumba za chipale, kayendetsedwe ka agalu okoka katundu. Pa 14 Disembala 1911 iye ndi anzake anayi anakhala anthu oyamba kuponda kum'mwera kwenikweni kwa dziko lapansi, ndipo onse anabwerera amoyo. Gulu la Robert Falcon Scott wa ku Britain linafika pamalo omwewo patatha masabata asanu, ndipo onse asanu anafera m'njira pobwerera. Zifukwa zake zinali zambiri, koma palibe amatsutsa kuti zimene Amundsen anaphunzira kwa eni chisanu zinamusunga. Ngati mwana wobadwira m'chipale anafunsa za chipale, nanga ife a kuno kotentha tingachite manyazi ndi chiyani?

Phunziro limeneli limafunika kwambiri paphiri, chifukwa kumeneko manambala amapusitsa. Phiri lalitali kwambiri mu Norway, Galdhøpiggen, ndi la mamita 2,469, pomwe Sapitwa wathu pa Mulanje ndi wa mamita 3,002. Wowerenga zimenezi akhoza kunyozera. Koma kumpoto mitengo imathera pansi kwambiri, pamwamba pake n'kutsala miyala yokha yopanda pobisala, ndipo nkhungu ikhoza kukuta njira munthu asanamalize kumanga nsapato. Chakudza sichiyimba ng'oma. Thanthwe la Preikestolen, lomwe laima mamita 604 pamwamba pa Lysefjord, ndi ulendo wa maola anayi kupita ndi kubwera, ndipo m'mphepete mwake mulibe mpanda, pakuti eni dziko amaona kuti munthu wamkulu ayenera kudzisamala yekha. Trolltunga, lilime la mwala lotulukira pamwamba pa phompho lomwe ladzaza pa Instagram, ndi ulendo wa makilomita oposa 25 ukayambira ku Skjeggedal, maola 10 mpaka 12 pamiyala ndi m'matope. Chithunzi chimaonetsa mphindi imodzi ya palilimepo. Odzipereka a Red Cross a m'derali akhala akutsitsa alendo amene anayamba ulendowu dzuwa lili pamutu, atavala nsapato za m'tauni, opanda chakudya ndi tochi.

Pa Isitala wa 1967 anthu oposa 15 anafera m'mapiri a Norway, ndipo kuchokera pamenepo malangizo a paphiri anafalitsidwa mpaka kukhala ngati miyambi ya fuko. Amati konza ulendo ndipo uza wina kumene ukupita. Yeza ulendo ndi mphamvu zako. Mvera zanyengo, zimene lero aliyense amaziona pafoni kudzera pa Yr. Tenga mapu ndi kampasi, pakuti batire ya foni imatha msanga pachisanu. Limodzi mwa malangizo a masiku amenewo linali lakuti uzimvera anthu odziwa phiri, lomwe ndi mwambi wathu womwewu utavala malaya ena. Koma limene limandigwira mtima ndi lakuti bwerera nthawi idakalipo, kubwerera si chamanyazi. Munthu amene walipira ndege kuchokera kutali, n'kuuza abale onse kuti akukaima pa lilime la mwala, zimamuvuta kutembenuka atatsala kilomita imodzi. Komatu msodzi wa ku Nkhotakota akaona mwera wayamba sakankhira bwato m'madzi, ndipo palibe amamutcha wamantha. Sunga khosi mkanda uoneke. Phiri lidzakhalapo chaka chamawa. Ndipo manambala atatu awa ndi ofunika kuwasunga pamtima: 110 ozimitsa moto, 112 apolisi, 113 ambulansi.

Funso lina ndi la mtunda. Pamapu midzi iwiri imaoneka yoyandikana ngati zala za dzanja limodzi, koma pakati pake pali mkono wa nyanja kapena phiri. Msewu umazungulira, kapena umaboola phiri, kapena umathera padoko pomwe galimoto zimafola kudikira pantoni. Msewu wa pansi pa phiri wa Lærdal, womwe unatsegulidwa mu 2000, ndi wa makilomita 24.5, ndipo m'kati mwake anakumbamo mapanga atatu owala mosiyana kuti oyendetsa asasinze. Wobwereka galimoto adziwe kuti kumeneko amayenda kudzanja lamanja, nyali zimayaka ngakhale masana, liwiro kunja kwa mizinda nthawi zambiri ndi makilomita 80 pa ola, ndipo chindapusa chake n'chowawa. Lamulo la mowa n'lokhwima moti botolo limodzi likhoza kukulowetsa m'mavuto. Pamsewu pamagona nkhosa, m'nkhalango mumatuluka elg, nyama yaikulu ngati ntchefu, ndipo kumpoto mumakumana ndi mphalapala zoweta za anthu a mtundu wa Sami. Kuchokera ku Lindesnes kum'mwera kukafika ku Nordkapp ndi makilomita pafupifupi 2,500. Munthu wa sabata imodzi wofuna Oslo, Bergen, Lofoten ndi Nordkapp zonse pamodzi adzaona dziko kudzera pagalasi lokha. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndi bwino kusankha dera limodzi n'kuliyenda modekha. Sitima ya pamtunda yochoka ku Oslo kupita ku Bergen, yomwe njanji yake inatsegulidwa mu 1909, imatenga maola pafupifupi 7 ndipo imakwera mpaka pa siteshoni ya Finse, mamita 1,222 pamwamba pa nyanja, pomwe chipale chimachedwa kusungunuka. Ukatsikira pa Myrdal, kasitima kena kamakutsitsa mamita oposa 860 pa mtunda wa makilomita 20 okha mpaka ku Flåm, m'mphepete mwa fjord. Matikiti ogula nthawi idakalipo amakhala otsika mtengo. Wokonda madzi akwere sitima za m'gombe za Hurtigruten, zimene zinayamba mu 1893 ndipo lero zimayenda pakati pa Bergen ndi Kirkenes kuima pa madoko 34. Amene anakwerapo Ilala adzazindikira mtundu wa ulendowu: padoko lililonse katundu akutsika, wina akukwera, munthu wa komweko akupita kukaona achibale kutsidya. Palibe chokukakamiza kulipira ulendo wonse, ukhoza kukwera doko lino n'kutsika lachitatu. Koma pali malo ena, monga pozungulira Stad, pomwe sitima imachoka kuseri kwa zilumba n'kukumana ndi nyanja yeniyeni, ndipo wa mtima wofulumira kuchita nseru amwe mankhwala asanafikepo.

Za thumba nazo zimafuna kufunsa. Norway sali mu European Union ndipo ndalama yake ndi krone, osati yuro, koma ali m'dera la Schengen. Wa pasipoti ya Malawi amafunika viza, yomwe imalola kukhala masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse, ndipo popempha vizayo pamafunika inshuwalansi ya zachipatala ya ndalama zosachepera mayuro 30,000. Zimenezi n'zoyamba kukonza miyezi idakalipo. Ukafika, ndalama zapepala sizioneka kawirikawiri, pafupifupi paliponse amalipira ndi khadi la kubanki, choncho uuze banki yako usananyamuke kuti lisakatsekeke uli kutali. Zinthu n'zodula, makamaka chakudya cha m'lesitilanti. Koma taonani zimene eni ake amachita. Mphunzitsi, dokotala, wogwira ntchito muofesi, ambiri amanyamula matpakke, kamba wa magawo a buledi okutidwa m'pepala, opakidwa tchizi kapena nsomba. Amatunga madzi a pampopi, omwe ndi abwino kumwa, m'malo mogula a m'botolo. Botolo lopanda kanthu sataya, pakuti pogula chakumwa amalipira chikole cha makrone awiri kapena atatu chomwe makina a m'golosale amabweza. Mlendo wotsatira mapazi amenewa ndalama zake zimafika patali.

Lamulungu ndi tsiku limene alendo ambiri amagona ndi njala. Masitolo aakulu amatseka, amatsala ndi timagolosale ting'onoting'ono, ndipo m'midzi ya m'gombe mwina osapezeka ndi kamodzi komwe. Wanzeru amagula Loweruka. Mowa wa m'golosale amasiya kugulitsa 8 koloko madzulo m'kati mwa sabata ndi 6 koloko Loweruka, m'madera ena nthawi isanakwane n'komwe, ndipo Lamulungu sagulitsa. Vinyo ndi mowa waukali zimapezeka m'masitolo a boma otchedwa Vinmonopolet. Ndipo wina akakupatsa kagawo ka chinthu chofiirira chooneka ngati sopo, usadabwe. Ndi brunost, tchizi chotsekemera chimene amachipanga powiritsa madzi a mkaka mpaka shuga wake apse. Ena amachikonda tsiku loyamba, ena amachilavula, koma bola kulavula utadziwa chimene walavula.

Tsono vuto lili apa: ungafunse bwanji anthu amene amaoneka ngati safuna kuyankhulidwa? Kwathu munthu sadutsa mnzake osapereka moni, ndipo m'minibasi nkhani imayamba injini isanalire. Ku Norway ukakwera basi aliyense amafuna mpando wakewake, maso pawindo, chete. Masiku oyamba umadzifunsa ngati walakwira wina. Sichoncho ayi. Kwa iwo kusasokoneza munthu ndiko kumulemekeza, monga kwa ife kumulonjera ndiko kumulemekeza. Sadzayamba ndi iwo kukuuza kuti wavala molakwika kapena kuti njira ukutsatayo ndi yoipa, kupatula ngati zafika poopsa monga zinafikira kwa ine. Koma ukafunsa, amayankha mosabisa, ambiri m'Chingerezi chomveka, ndipo ena amakuperekeza mpaka pomwe ukupita. N'chifukwa chake mwambi wathu umalemera kwambiri kumeneko kuposa kuno. Kwathu wosafunsa amapeza womutsina khutu. Kumeneko wosafunsa amamusiya ndi phula lake mwaulemu. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewa, ukakumana nawo panjira ya m'phiri, amapereka moni. Akakuitana kunyumba, fika pa nthawi imene mwapangana, vula nsapato pakhomo, ndipo ukatha kudya unene kuti takk for maten, kuthokoza chifukwa cha chakudya. Mawu atatu amenewa amatsegula nkhope. Kumpoto, usajambule munthu wa mtundu wa Sami atavala zovala za makolo ake usanapemphe, ndipo ziweto zake usazithamangitse pofuna chithunzi.

Pali mphatso imodzi imene dzikoli limapereka kwa mlendo osamufunsa dzina. Amaitcha allemannsretten, ufulu wa munthu aliyense. Ndi mwambo wakale womwe unalembedwa m'lamulo mu 1957. Umalola munthu kuyenda m'nkhalango, m'mapiri ndi m'magombe ngakhale malowo ali ndi mwini wake, kuthyola zipatso za m'tchire ndi kuzula bowa, ngakhale kukhoma tenti. Koma uli ndi malire ake. Tenti ikhale mamita osachepera 150 kuchokera panyumba ya anthu. Pamalo amodzi usagone kupitirira usiku uwiri osapempha mwini malo, kupatula kutali m'mapiri. M'minda yolimidwa ndi m'mabwalo a nyumba ufuluwu sufikamo. Kuyambira pa 15 Epulo mpaka pa 15 Sepitembala kusonkha moto m'nkhalango kapena pafupi nayo n'koletsedwa. M'mapiri muli tinyumba toposa 500 ta bungwe la oyenda m'mapiri la DNT, lomwe linayamba mu 1868, ndipo njira zake amazilemba ndi chilembo cha T chofiira pamiyala. M'tinyumba tina mulibe woyang'anira. Muli nkhuni, mabedi ndi chipinda cha chakudya. Umadya, n'kulemba wekha zimene wadya, n'kulipira wekha, n'kusesa, n'kusiyira wobwera pambuyo nkhuni zowaza kale.

Chikhulupiriro chotere n'chosachedwa kusweka. Ku zilumba za Lofoten, kumene nsomba za skrei zimabwera kudzaswana kuchokera ku nyanja ya Barents miyezi yoyambirira ya chaka, asodzi amazipachika ziwiriziwiri pa mathandala aatali amitengo kuti ziume ndi mphepo yokha, popanda mchere. Nyengo ya kumeneko inachita kuyenerera ntchitoyi: n'kozizira mokwanira kuti ntchentche zisaononge, koma osati kozizira koumitsa nsomba n'kuiphwanya mnofu. Zambiri zimagulitsidwa ku Italy, mitu yake n'kupita ku Nigeria. Fungo lake limakulandira usanaone mudzi, monga limachitira la usipa kugombe kwathu, ndipo eni ake amati ndi fungo la ndalama. Midzi imeneyi ndi ya anthu ogwira ntchito, koma m'zaka zaposachedwa akhala akudandaula ndi alendo otseka misewu yopapatiza ndi galimoto zogonamo, osuzumira m'mawindo a eni, osiya zinyalala ndi zonyansa kuseri kwa miyala. Ife timati mlendo ndi mame, pokumbutsa mwini nyumba kuti apirire, pakuti mlendo sakhalitsa. Koma mwambiwu uli ndi mbali inanso yoyang'ana kwa mlendoyo. Mame akakamuka, udzu umatsala wosathyoka, wopanda chipsera. Wopita ku Lofoten akhale mame otero.

Chatsala ndi chinthu chimodzi chimene kufunsa kokha sikungakupatse. Kuwala kwa kumpoto kumabadwa pamene tinthu ting'onoting'ono touluka kuchokera kudzuwa tagundana ndi mpweya wa m'mwamba, makilomita 100 kapena kuposerapo pamwamba pa mitu yathu. Eni dziko angakuuze zonse zofunika: choka pa magetsi a mumzinda, yang'ana kumpoto, sankha usiku wopanda mitambo, patula masiku angapo osati limodzi, vala ngati ukukagona panja. Koma ngakhale iwo sangakulonjeze. Ukhoza kuima m'gombe usiku utatu, mapazi atafa dzanzi, osaona kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Usiku wachinayi mwina kansalu kotuwa kadzaoneka pamwamba pa phiri, kofooka moti udzakayesa mtambo, kenako n'kubiriwira, n'kuyamba kupindika ngati chitenje choyanikidwa pamphepo. Mwinanso ayi. Wobwerera osakuona sanadye phula, ngati m'masiku odikirawo anamva kulira kwa chipale pansi pa nsapato, n'kumwa khofi ndi msodzi amene anamufunsa za nyanja.

Ndipo phula lenilenilo, tinene zoona, palibe mlendo amene amalizemba lonse. Ufunse chotani, penapake udzasemphana ndi pantoni, udzanyowa, udzalipira zimene sunayembekezere. Koma alimi a njuchi sataya phula. Amalisungunula n'kuumba kandulo. M'miyezi yamdima anthu a ku Norway amayatsa makandulo patebulo ngakhale pa chakudya cha m'mawa, ndipo woyenda mumsewu amaona timalawi tikuphethira m'mawindo. Phula limene ndinadya ku Bergen tsiku la mvula lija ndi limene ndaumbira kandulo iyi. Itengeni ikuunikireni poyambira, koma mukakafika, mukafunse eni mng'oma.